Zaka Zisanu ndi Ziwiri Ndikuyang'ana Kumanzere

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndikulemba chagada, kope lili m'mwamba ngati ambulera, ndiye zilembo zikapotoka ndisadzadabwe. Kopeli andibweretsera ndi bambo a kunyumba. Akuti ndizilemba ndekha zonse zimene madokotala akunena, chifukwa iwo akangomva mawu a kuchipatala mutu umawazungulira.

Zachitika m'mawa uno ku ofesi, cha m'ma 10. Chivindikiro cha bolopeni chinagwera pansi pa tebulo, ndinawerama kuti nditole, basi. M'chiuno munangoti gwa. Kuwongoka ayi, kuweramanso ayi. Ine mayi wa ana atatu ndinalira chokweza chifukwa cha chivindikiro cha bolopeni. Anandikankha pampando wanga womwewo wa matayala, kudutsa m'khonde mpaka pagalimoto, madalaivala a malole ataima m'mbali, wina mpaka anavula chipewa.

Andigoneka wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Jakisoni mmodzi, mapiritsi awiri opha ululu ndi limodzi lofewetsa minofu. Adokotala akuti minofu ya m'munsi mwa msana yakokana. Mwendo wakumanzere wachita dzanzi mpaka kuchala chachikulu, ndiye sandilola kupita mpaka andijambule.

Anesi anandifunsa kuti ululuwu ndingaupatse zingati pa 10. Ndinati 15. Analemba 9.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

M'mawa andijambula. Mafupa ali bwino, palibe lothyoka. Masana anandilowetsa m'makina aatali aphokoso aja. Adokotala akuti pakati pa mafupa awiri a m'munsi pali kamtsamiro kofewa, ndiye kanga katuluka pang'ono chakumanzere, kakukhudza mtsempha wopita kumwendo. Opaleshoni ayi, pakadali pano. "Pakadali pano" ameneyo sindinamukonde.

Bedi lachinayi pali mayi wa saluni. Anagwa pampando akupachika galasi, anathyoka mwendo. Mwendowo anaumanga chikhakha, koma pakamwa anaiwala. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka bedi kugwedezeka.

"Anthu a m'maofesi inu," anatero, "ife timaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Inu kungokhala pansi, kukhalako n'kukuthyolani?"

Bambo a kunyumba abwera ndi mpunga wophika okha. Mpunga umenewo ungamangire nyumba. Ndadya wonse, anali kundiyang'ana.

Koma chimene chikundidya si msana, ndi Asisi. Ndilemba pano poti kope silinena.

Ndine kalaliki pa kampani yonyamula katundu. Ndimataipa mapepala a malole: lole iti, ikupita kuti, yanyamula chiyani. Mu ofesi mwathu tilimo awiri, ine ndi Asisi. Si achibale anga, ndimangowatchula choncho. Ndinawapeza pantchito, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kutaipa osayang'ana zala. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo makutu awo anayamba kutsekeka. Pano samva pokhapokha munthu akuwe pafupi ndi khutu, koma milomo amawerenga ngati nyuzipepala.

Abwana athu timawatcha Mwamsanga, chifukwa ndi mawu amene amamalizira nawo chilichonse. Iwo salowa mu ofesi ya munthu. Amaima pakhomo pawo, kumbuyo kwa Asisi, n'kukuwa malangizo. Tebulo langa linayang'ana kukhoma, kumene kuli soketi, la Asisi lili kumanzere kwanga, chakumbuyo pang'ono. Ndiye ndimakhala chopotoka: manja pa kiyibodi kutsogolo, nkhope kumanzere, ndikubwereza ndi milomo yokha, popanda mawu, zonse zimene abwana anena. Foni ya Asisi ikalira ndimayankha ine, nditaipana ndi phewa, kwinaku ndikutaipa.

Asisi zawatsalira zaka ziwiri kuti apume pantchito. Amaopa kuti abwana akadziwa awachotsa, ndipo pa msinkhu wawowo angawalembenso ndani? Ndinalonjeza kuti sindidzauza munthu. Ngakhale bambo a kunyumba sadziwa.

Lero ndi tsiku lachiwiri ali okha. Kaya akuchita bwanji.

Ululu: 8.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Kwabwera mayi wa mafizo, aja ophunzitsa odwala kuwongola thupi ndi kulimbitsa minofu. Wamfupi, wolankhula motsitsa, koma zala zake abale inu. Anagwira pamene pakupweteka penipeni osafunsa njira.

Wandiphunzitsa kudzuka. Ndimayesa ndinaphunzira ndili mwana. Osadzuka chagada: kutembenukira chammbali, kutsitsa miyendo yonse pamodzi, kenako kudzikankha ndi mkono. Botolo la madzi otentha lokulunga m'thawulo, mphindi 20, katatu patsiku. Kugona chagada n'kukokera bondo limodzi pachifuwa pang'onopang'ono, kasanu mbali iliyonse. Akuti kugona tsiku lonse kumaumitsa minofu, ndiyenera kuyenda. Ndayenda mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera. Mayi wa saluni anaomba m'manja, akuti ndikuyenda ngati ndasenza mazira.

Kenako anabweretsa mpando ndi katebulo.

"Amayi, khalani mmene mumakhalira kuntchito."

Ndinafuna kukhala bwinobwino ngati mwana wa sukulu pamaso pa aphunzitsi. Koma thupi lilibe chinsinsi. Ndinangopezeka ndakhala kunsonga kwa mpando, phazi limodzi ndakola kumwendo wa mpando, manja kutsogolo, chifuwa ndi nkhope kumanzere.

"Kumeneko mumayang'ana chiyani?"

"Zenera," ndinatero.

"Maola angati patsiku?"

"Asanu ndi atatu."

"Liyenera kukhala zenera lokongola," anatero, osaseka.

Zimene wanena ndilembe ndisaiwale. Matako afike kumbuyo kwenikweni kwa mpando. Mapazi onse awiri aponde pansi, akapanda kufika ndiikepo kabokosi. Thawulo lokulunga ndiliike m'munsi mwa msana, pamene pamapindika. Sikirini ikhale kutsogolo kwa mphuno, m'mphepete mwake mwa pamwamba mufanane ndi maso, ikatsika ndiikweze ndi mabuku. Kiyibodi pafupi, zigongono zisatalikire nthiti. Theka la ola lililonse ndiime, ndiyende masitepe angapo. Foni yopana ndi phewa, ayi. Ndipo chachikulu: ndikafuna kuyang'ana munthu nditembenuke ndi mpando womwe, thupi lonse, osati kupotoza chiuno.

Zonsezo ndi zotheka, kupatula chomalizacho. Munthu sangatembenuke ndi mpando manja ali pa kiyibodi.

Akufuna chithunzi cha tebulo langa. Akuti alemba kalata kwa abwana kuti andikonzere pokhala. Mwamsanga akaima mu ofesi muja n'kufunsa chifukwa chake ndimakhala chopotoka, ndiyankha kuti chiyani?

Ululu: 6. Dzanzi latsala kuphazi kokha.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Asisi anabwera nthawi ya nkhomaliro ndi malalanje. Nditawaona pakhomo ndi chikwama chawo chakuda chija ndinasangalala ngati mwana.

"Iwe, chivindikiro cha bolopeni?" anatero. "Ukanandiuza, ndili nazo zitatu mudilowa."

Akuti akupulumukira chimfine. Anauza abwana kuti chimfine chawatseka makutu, ndiye abwana akumalemba pa tizipepala n'kuponya patebulo, akung'ung'udza. Foni anaichotsa waya, akuti yawonongeka. Tinaseka. Koma tonse tikudziwa kuti chimfine sichikhala zaka ziwiri.

Atapita kukasamba m'manja, mayi wa saluni anandikodola.

"Anzanuwa samva, eti?"

"Mwaona bwanji?"

"Amakuyang'anani pakamwa, osati m'maso. Ine ntchito yanga ndi mitu ya anthu, ndimadziwa."

Mphindi zisanu zokha. Abwana zaka zisanu ndi ziwiri.

Asisi atabwerera anakhala kumanzere kwa bedi, ine osazindikira ndinapotoka kuti aone milomo yanga. Ndi mmene anatipezera mayi wa mafizo. Asisi anapereka malo, anakaima pazenera n'kumasenda lalanje. Mayi wa mafizo anawerama n'kunena motsitsa:

"Zenera lija ndi limeneli?"

Ndinamuuza zonse monong'ona, ndinamupempha kuti kalata ija asalembe.

"Sindilemba inu musanalole," anatero, nayenso monong'ona. "Koma ndikuuzeni zoona, amayi. Mukabwerera kukakhala chopotoka, simutha miyezi itatu. Mubweranso pano, ndipo ulendo umenewo adokotala adzakamba za opaleshoni. Mwendo umenewu ukhoza kufooka osabwereranso mwakale."

"Zatsala zaka ziwiri zokha," ndinatero. "Ndipirira."

Ine amene. Ine amene ndimadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti kunong'ona sikubisa kanthu kwa Asisi. Nditakweza maso ndinapeza akutiyang'ana, mpeni uli m'manja, khoko la lalanje likulendewera. Anali atawerenga mawu onse.

Anabwera, anaika lalanje losendalo pa kabati kanga, anandikonzera bulangeti kumapazi.

"Idya," anatero. "Nthawi yanga yatha."

Anapita osatembenuka. Lalanje likadali pompo.

Ululu: 6.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Asisi sanabwere. Ndatumiza mauthenga atatu pa foni, sanayankhe. Ndikuopa kuti asiya ntchito mwakachetechete, ndi anthu oti angachite zimenezo.

Minofu inakokananso m'mawa ndikutsuka mkamwa. Jakisoni wina. Anesi akuti nkhawa nayo imaumitsa msana. Ndiye ndiisiye kuti?

Mayi wa saluni lero sanandiseke. Akuti, "Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Koma inu mwazima mpaka manja kupsa." Kenako anandidyera lalanje lija, akuti lingawonongeke.

Madzulo ndawauza bambo a kunyumba zonse za Asisi.

"Ndiye n'chifukwa chake," anatero. "Patebulo ine ndimakhala kumanja kwanu, inu maso kumanzere, kufiriji. Zaka zonsezi ndimadzifunsa kuti ndinalakwa chiyani."

Ndinaseka, msana unandilanga pompo. Anandigwira dzanja mpaka ululu unadutsa. Sanandikalipire. Angonena kuti ana athu ali ndi mayi mmodzi yekha, ndipo ameneyo ali ndi msana umodzi.

Ululu: 7.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lero ndiye lero. Nthawi yoona odwala itangokwana ndinamva mawu pakhomo la wodi:

"Bedi lachitatu lili kuti? Mwamsanga!"

Abwana. Ataima pakhomo, monga mwa masiku onse, jumbo ya buledi ndi juwisi m'manja. Anesi anawauza kuti muno sitikuwa, ngati akufuna munthu alowe. Analowa. Zaka khumi ndi zinayi ndagwira nawo ntchito, aka n'koyamba kuwaona akukhala pampando pafupi ndi ine. Ali ndi imvi, kani.

Anafunsa za msana, ndinayankha. Anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, kenako anati:

"Dzulo m'mawa anzanu aja analowa mu ofesi mwanga n'kutseka chitseko. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndiwayang'ane, ndilankhule pang'onopang'ono. Mu ofesi mwanga momwe."

"Ndiye anati chiyani?" ndinafunsa.

"Andiuza zonse. Makutu, foni, milomo yanu." Anapukusa mutu. "Amayi, ine milomo yanuyo ndimaiona tsiku lililonse. Ndimayesa mumapemphera. Ndinauza ndi akazi anga omwe kuti ku ofesi ndili ndi mayi wopemphera kwambiri, ndikangoyamba kulankhula iye amayamba pemphero. Mpaka ndinkadzifunsa kuti kodi ndine woipa chotero?"

Mayi wa saluni anadziphimba ndi bulangeti, bedi likunjenjemera. Ine kuseka sikunabwere.

"Bwana, muwachotsa?"

Anaika jumbo ija pa kabati. Ndinamva mawilo a tebulo la mankhwala akulira m'khonde.

"Anabwera ndi kalata yosiya ntchito," anatero. "Yotaipa bwino, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi, monga mapepala awo onse. Ndinawabwezera. Ndichotse zala chifukwa cha makutu? Akuluakulu a kampani ndikambirana nawo ine." Kenako nkhope inasintha. "Koma ndakhumudwa, amayi. Nonse awiri. Munaona kuti bola msana uthyoke kusiyana n'kundiuza ine. Ndimakuwa, inde, koma sindiluma."

Ndinapepesa. Ndinachita manyazi, chifukwa akunena zoona, sitinawayese n'komwe.

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Madalaivala asuntha matebulo. Langa ndi la Asisi tsopano ayang'anizana pakati pa chipinda, masikirini apatsana misana, waya wautali wadutsa m'mbali mwa khoma. Pansi pa sikirini yanga aikapo mabuku awiri akale a manambala a foni. Akuti foni zonse zibwera kwa ine, koma andigulira zovala kumutu zija za m'makutu, manja akhale omasuka. Malangizo azilemba pa kompyuta.

"Ndikuwa pang'ono pokha," anatero, "kuti ndisadwale."

Mayi wa mafizo ataona chithunzicho anati sikirini ikwere ndi buku lina limodzi, mpando utsike pang'ono. Kalata akuti alembabe, ya mpando wokhala ndi potsamira pabwino. Ndamulola.

Ululu: 4. Ndadya buledi theka, wina wadya mayi wa saluni.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Ndayenda khonde lonse kawiri popanda kugwira khoma. Dzanzi latha, chala chachikulu chabwerera kwa mwini wake. Mapiritsi ofewetsa minofu andisiyitsa, atsala opha ululu, m'mawa ndi madzulo.

Mayi wa saluni wandiluka tsitsi. Anandikhazika pampando pakati pa mabedi athu, iye ali pabedi, chikhakha chili uko. Mutu wanga ukangoyamba kupita kumanzere amaubweza ndi chipeso. Akuti makasitomala ake onse amawawongola choncho, mafizo anayamba ndi iye.

Asisi sanayankhebe. Ntchito yapulumuka, koma kaya ubwenzi. Mwina akwiya kuti ndinaulula kwa mayi wa mafizo. Mwina akuchita manyazi. Ndawasowa.

Ululu: 3.

Lolemba, 11 Ogasiti

Anditulutsa lero. Adokotala akuti ndipume kunyumba sabata imodzi, koma kupuma koyenda, osati kogona. Mafizo kawiri pa sabata kwa mwezi umodzi. Kunyamula zolemera ayi. Chinthu chikagwa pansi ndipinde mawondo, msana ukhale wowongoka. Dzanzi likabwerera, kapena mwendo ukafooka, kapena mkodzo ukavuta, ndibwere tsiku lomwelo osadikira.

Bambo a kunyumba anapita kukatenga mankhwala. Ine ndinakhala pampando pafupi ndi bedi, matako kumbuyo, mapazi pansi, thawulo pamsana, ngati chithunzi cha m'buku. Ndi mmene Asisi anandipezera.

Anaima kutsogolo kwanga, chikwama chakuda pachifuwa.

"Usayambe kupepesa," anatero. "Wopepesa ndine. Ndimakuona tsiku lililonse ukudzisisita m'chiuno, ndimadziwa. Ndinkangoti mawa, mawa. Unandizoloweza, iwe, nanenso ndinalola kuzolowera."

"Bwanji simunayankhe mauthenga anga?"

"Ndikanalemba chiyani? Zina sizilembedwa pa foni."

Akuti kuyambira m'mawa anali m'chipatala momwe muno, pansi, kwa a makutu. Abwana anawapatsa tsiku. Zaka zonsezi amaopa kupitako, poganiza kuti pepala la adokotala likafika ku ofesi. Awayeza, ndipo awabwereka kachipangizo koti ayesere sabata ziwiri. Anakweza tsitsi n'kundionetsa. Kanthu kakang'ono ngati nyemba, kuseri kwa khutu.

"Kakugwira ntchito?"

"Phokoso lokhalokha. Nsapato, zitseko, mapepala. Dziko lanuli ndi laphokoso bwanji. Koma sindinakayese pa munthu wanga."

Anazungulira mpando n'kukaima kumbuyo kwanga, chakumanzere, pamalo pawo pa masiku onse. Thupi langa linayamba kupotoka lokha. Anandigwira mapewa onse awiri n'kundibweza.

"Ayi. Yang'ana kutsogolo. Lankhula."

Wodi yonse inali chete, ndi mayi wa saluni yemwe. Kutsogolo kwanga kunali khoma ndi kalendala. Zaka zisanu ndi ziwiri ndawauza mawu a abwana, mawu a madalaivala, mawu a pa foni, koma lero oti anga anandithawa. Milomo inayamba yokha popanda mawu, monga inazolowerera. Ndinakhosomola, ndinayambanso.

"Asisi, mwadya?"

Manja awo anandifinya mapewa.

"Ndadya," anatero kumbuyo kwangako. "Koma mawu akowa akalamba bwanji, mng'ono wanga. Ndinawasiya ali a mtsikana."

Ndinalira, sindibisa. Iwonso ndinawamva akufwenthera pamwamba pa mutu wanga, pa tsitsi latsopano lija, mayi wa saluni n'kumadandaula kuti amuwonongera ntchito. Sindinatembenuke.

Anesi anabwera ndi pepala lawo kudzafunsa komaliza.

Ululu: 2. Nkhope: kutsogolo.